Madeya mu Boila

Injini ya nthunzi ya ku fakitale yocheka matabwa inagona zaka makumi awiri osatembenuka. Mileme inaswana m'chumuni mwake, mavu anamanga pa geji yoyezera mphamvu ya nthunzi, ndipo gudumu lake lalikulu, lotalika kuposa munthu, linasanduka poyanika masaka. Kenako kunabwera nkhalamba ziwiri zimene kunyumba anali atatopa kuziona pakhonde, n'kunena kuti ziidzutsa.

Woyamba anali a Nyundo, mmisiri wa maboila, amene anagwira ntchito pafakitalepo mpaka tsiku lotseka geti. Dzinalo analipata chifukwa chilichonse ankayamba achigogoda, ngakhale mpando asanaukhalire. Wachiwiri anali mlamu wawo, mlongo wa mayi a kunyumba, bambo amene kale ankasonkhera moto m'boila pafakitale pomwepo. Ameneyu pakamwa pake sipankatsekeka.

Zaka ziwiri anapala dzimbiri, kunyengerera mabawuti ndi palafini, kukangana ndi kugwirizananso, mpaka injini inawala. Koma mwini malo, mdzukulu wa amene anamanga fakitaleyo, analibe nazo ntchito zowala. Ananena mosapita m'mbali kuti woyesa maboila akaivomereza mwezi usanathe, injiniyo ikhala, anthu azidzaiona ikuyenda. Akaikana, abwera odula zitsulo ndi gasi wawo.

Vuto linali msoko umodzi wa pansi pa boila, thanki yaikulu ija yowiritsira madzi. Pamene zitsulo ziwiri zinalumikizana ndi maliveti, misomali yonenepa ija, pankadontha. A Nyundo anagona chagada pamenepo masiku atatu, tchizulo ndi nyundo m'manja, kukhoma m'mphepete mwa chitsulo kuti chilumane ndi chinzake. Kale ntchito imeneyi ankaigwira akuimba mluzu. Tsopano dzanja lamanja linkanjenjemera, ndipo ankachita mantha. Pampu yoyesera analibe, woyesayo amabwera ndi yake, ndiye panalibe njira yodziwira ngati msoko wagwira.

Amisiri akale anali ndi kachinsinsi kawo. Ukathira chitini cha madeya m'boila, madeyawo amafufuma, amatsatira madzi pamene pakudontha, n'kutsekapo. Palibe buku limene linalemba zimenezi, ndipo palibe mmisiri amene anavomerapo kuti anachita. Muyeso wake ndi chitini chimodzi basi.

Tsiku loyesa, mamawa, a Nyundo anazemba kupita pa thumba la madeya a nkhuku za akazi awo. Analipeza litatsika kwambiri, ndipo anang'ung'udza kuti nkhuku za masiku ano zimadya ngati alendo. Anatapa zitini ziwiri, poganiza kuti dzanja lonjenjemera likufunika ziwiri. Kufakitale anakwera makwerero, anakhuthulira pa chibowo cha pamwamba osaunikamo n'komwe, anamanga chivundikiro, n'kutsika akupukuta manja.

"Mwalawiratu, alamu," anatero mlamu wawo akulowa.

"Tulo tinandithawa."

"Musadandaule, msoko uja ugwira. Dzanja lanu ndi lomwe lija."

A Nyundo anachita manyazi. Munthu akuwakhulupirira chonchi, iwo ali ndi madeya m'zikhadabo.

Woyesa maboila anali mayi wamfupi wa magalasi, wosaseka. Anadzaza boila mpaka pakamwa, analumikiza pampu yake, anayala nyuzipepala pansi pa msoko, n'kuyamba kupopa. Muvi wa geji unakwera mpaka pa mzere wofiira ndipo unaima pomwepo theka la ola. Pepala linakhala louma.

"Chabwino," anatero. "Chepetsani madzi, musonkhe moto, tione ikuyenda."

Pofika masana moto unali utakolera. Mayi a kunyumba anabwera ndi tiyi m'fulasiki kudzaonerera, n'kuima pakhomo. A Nyundo anatsegula nthunzi pang'onopang'ono. Injini inausa moyo, inagwedezeka, ndipo gudumu lija linatembenuka kamodzi, kawiri, kenako n'kugwira liwiro lake. Mtima wa a Nyundo unadumpha ndi chimwemwe.

"Ndani akuphika muno?" anafunsa mayi woyesa akununkhiza.

M'kagalasi koonera madzi munali zoyera zikudumphadumpha, koma mlamu sanazione. Chisangalalo chinali chitamukwera kumutu, ndiye anakoka chingwe cha wezulo ndi manja awiri. Wezulo sinalire. Inakhosomola kaye, kenako inalavula phala. Phalalo linakamenya malata n'kubwerera lofunda, pamitu, pamapewa, pa mapepala a mayi woyesa ndi pa magalasi ake.

"Zimitsani moto!" anakuwa mayi woyesa.

Atazimitsa, mayiyo anavula magalasi, anawapukuta bwinobwino ndi mpango, n'kuwavalanso.

"Zitini zingati?"

A Nyundo anayang'ana nsapato zawo.

"Bambo anga anali a maboila, ndiye musanditayitse nthawi. Zingati?"

"Ziwiri, mayi."

"Ziwiri sizingachite zimenezi."

Mlamu anakanda kumutu akuyang'ana kudenga. "Ine ndinathirako zitatu dzulo madzulo. Kungothandizira."

"Inuyo?" anakuwa a Nyundo. "Si inu munati dzanja langa ndi lomwe lija?"

"Ndi lomwe lija, alamu, kungoti lakalamba."

"Ndiye ndinu achimwene munanditapira thumba langa?" anatero mayi a kunyumba ali pakhomo. Koma mawuwo anatuluka opanda mphamvu, ndipo onse anatembenuka kuwayang'ana. Mayiwo anakumbatira fulasiki. "Ine ndinangothiramo kandowa kamodzi dzulo masana, mutapita kukagula mabawuti. Sabata yonse mwakhala mukubuula kutulo, bambo. Ndikanatani?"

Izi zinawawawa a Nyundo kuposa phala la pamutu. Kudzikayikira wekha n'kwina, umabisa. Koma mkazi amene wakhala naye zaka makumi anayi kukwera makwerero ndi ndowa, pa msinkhu umenewo, chifukwa sakukhulupirira dzanja la mwamuna wake! Anafuna kukalipa, koma akalipira ndani, poti naonso anathira?

"Tsukani zonsezi," anatero mayi woyesa. "Ndibweranso Lachisanu, lomwe ndi tsiku lomaliza la mwezi. Madzi ndidzathira ndekha, chivundikiro ndidzamanga ndekha. Wina akadzayandikira ndi chitini, ndidzamuthira momwemo."

Masiku awiri anatsuka boila ndi mipope yonse, ndipo a Nyundo sanalankhule ndi mlamu kapena mayi a kunyumba kupatula kupempha sipanala ndi mchere. Msoko uja sanaukhudzenso. Zonse zimene dzanja lawo linali nazo anali atazisiya pamenepo kale.

Lachisanu lole ya odula zitsulo inafika woyesa asanafike, n'kuima pageti, mabotolo a gasi ali poonekera. Mwini malo anaima chapatali, manja m'thumba. Mayi woyesa anaunika m'boila ndi tochi, anathira madzi oyera, anayala nyuzipepala yatsopano, n'kupopa mpaka muvi unafika pa mzere wofiira.

A Nyundo anagwada pafupi ndi pepalalo, maso ali pomwepo. Mphindi khumi zinatha, kenako makumi awiri. Mawondo anayamba kuwawa koma sanasunthe. Pepala linali louma. Ndipo pang'onopang'ono zinawalowa m'mutu kuti pamenepo panalibe madeya, panalibe chothandizira chilichonse. Chimene chinagwira madzi onsewo chinali ntchito ya dzanja lonjenjemera lija. Maso anatentha, ndipo asanapukute, msozi unatsetsereka pamphuno n'kugwera pa nyuzipepala, tho!

Mayi woyesa anali akuwerama kale. Analoza kadontho kaja ndi cholembera.

"Ichi n'chiyani?"

Mlamu anagwira manja kumutu. Mwini malo anatulutsa dzanja m'thumba n'kuyang'ana kugeti.

A Nyundo anaona njira ziwiri, zonse zoipa. Akakhala chete, injini ipita pa lole ili zidutswazidutswa. Akanena, mlamu wawo adzaifotokoza nkhaniyi kulikonse kumene kuli anthu oposa awiri, akuwonjezera ndi mamina omwe, mpaka tsiku lowaika m'manda.

"Dontho limenelo si la boila," anatero chapansipansi.

"Mwati chiyani, bambo?"

"Ndati si la boila! Ndi langa. Latuluka m'disomu."

Mayiyo anawayang'ana kumaso, anayang'ana muvi umene unali usanasunthe, kenako anayendetsa chala pa msoko wonse kuchokera ku liveti loyamba mpaka lomaliza. Chala chinabwera chouma.

"Sunthirani uko, mukundinyowetsera pepala," anatero, ndipo kwa nthawi yoyamba milomo yake inagwedezeka. Anatsamiritsa chikalata pa boila n'kusaina.

Mlamu anali atatsegula kale pakamwa, maso akuwala ngati mwana amene wapatsidwa mpira. A Nyundo anadzuka movutikira, anasasa fumbi m'mawondo, ndipo nkhope sanaipukute.

"Nenani, alamu," anatero. "Kauzeni aliyense. Koma mukamanena, muzinenanso kuti msoko unagwira."