Chivwende Chimene Bambo Anasankha

Bambo anga, Haji Abdel-Sattar, amati chivwende amachidziwa ndi khutu. Akafika pamsika wa Lachiwiri kwathu ku Fayoum, ankachinyamula, kuchiwomba mbama, n'kuchiika pakhutu nkhope ili gwa. Zimene ankabwera nazo kunyumba zinkakhala zoyera m'kati ngati nkhaka, koma ife tinkadya tili duu. Mayi ankawaza shuga mobisa kukhitchini.

Ndiye mng'ono wanga Wafaa anakondana ndi Ragab, mlimi wa mavwende. Bambo ankafuna mkamwini wa taye, wa m'boma. Ragab anabwera ndi amalume ake kudzafunsira, anamwa tiyi, n'kubwerera ndi yankho lakuti tiganize kaye. Wafaa analira mpaka kutupa maso. Ine zinandipsetsa mtima, poti mnyamatayo chilema chake chinali dothi la m'zikhadabo basi.

Lachiwiri lina tonse tinapita kumsika. Mayi anatidutsitsa dala kumene alimi amaimika ngolo zawo, ndipo tinam'peza Ragab akuitanira malonda: "Pampeni! Ndidula muone, chikakhala choyera musalipire!"

"Haji," anatero mayi mokweza, "akuti pangolo ya mwanayu sipapezeka choyera."

"Bodza limenelo. Palibe munda wopanda choyera."

"Ndiye chipezeni, nkhani ya ukwatiyi ithere pompano. Ndatopa ndi maliro m'nyumba."

Anthu anayamba kuunjikana, ndipo bambo akaona anthu sabwerera m'mbuyo. Anapinda manja a mkanjo wawo.

"Iwe Ragab, ndisankha chimodzi. Chikakhala choyera, njira ya kwathu uiiwale. Chikakhala chofiira, Wafaa ndi wako. Onsewa ndi mboni."

Ragab anachita thukuta. Iye ankangomva mbiri yoti Haji ndi katswiri, ndipo ankadziwa kuti pamulu ngati umenewo zoyera sizilephera. Wafaa anandifinya dzanja mpaka kupweteka.

"Sankhani nokha, Haji," anatero mayi. "Wina asakusokonezeni."

Bambo anawomba mavwende kuyambira pamwamba mpaka pansi pa mulu. Umm Gamalat, mayi wogulitsa nkhunda pafupi pomwepo, anafunsa, "Kodi Haji, akulakwirani chiyani mavwendewo? Akutukwanani?" Bambo anangopitiriza kuwomba. Potsiriza anasolola china chopindika, chamawanga, anachimvetsera nthawi yaitali, n'kumwetulira.

"Ichi ndiye nkhaka yeniyeni," bambo anawanong'oneza mayi anga, n'kupatsira Ragab chivwendecho. "Dula, mwanawe."

Mpeni utangolowa nsonga, chivwende chinang'ambika chokha. Chinali chofiira psuu, madzi ake akuyenderera mpaka m'chigongono cha Ragab. Ndakula ndi mavwende a bambo, koma chotere ndinali ndisanachionepo.

Msika wonse unafa ndi phwete. Umm Gamalat anapukuta misozi n'kunena kuti, "Pepani Haji, khutu lija lagontha liti?"

Bambo anayang'ana chivwende, anayang'ana Ragab, anayang'ananso khamu la anthu. Ndinawaona akuyeza mumtima chimene chinali chopepuka, kuvomera kuti mavwende sawadziwa kapena kupereka mwana. Sanachedwe.

"Ligonthe khutu la yani? Ndasankha chofiira dala. Mnyamatayu ndinam'konda tsiku lomwe anaponda pakhomo panga."

Mayi anayamba nthungululu. Bambo anakumbatira Ragab, mpeni udakali m'manja mwake, n'kum'psompsona masaya onse. Ine ndinali pafupi, ndiye ndinamva zimene bambo anamuuza.

"Wafaa ndi chitsiriza changa. Akadzabwera kwathu akulira, udzasamuke mu Fayoum muno."