Amake Ndani?

Lole ya chimanga itaima pa Nsaru m'mawa, mayi wina anatsika kumbuyo kwake. Analibe thumba, analibe nsapato. Anangofunda chitenje chakuda chimene chinali chitayera ndi fumbi. Woyendetsa lole atafunsidwa, anati iye anangowapeza atakhala pa matumba, ndipo kumene anakwerera sanakudziwe. Mayiwo sanapereke moni kwa munthu aliyense. Anadutsa pakati pa mabenchi a tomato n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika.

M'mawa mwake anayamba kutola masamba a mango. Anasolola ulusi ku thumba lakale la feteleza, anapinda kawaya kukhala singano, n'kuyamba kusoka masambawo monga momwe anthu amasokera fodya asanamupachike m'chigafa. Pa Nsaru palibe amene sadziwa kusoka fodya, choncho anthu anaseka kwambiri.

"Fodya wa chaka chino ndi ameneyo!" anafuula a Zakeyo, ogulitsa kanyenya, amenenso anali wapampando wa komiti ya msika. "Akapita naye ku okushoni atigulira tonse njinga zamoto. Kodi mfunda wake ndi uti ameneyu? Si Naphiri, si Nabanda. Ndi Namasamba!"

Dzinalo linamera pomwepo.

Febe Chikoti sanaseke nawo. Anali atangolemba mayeso a Fomu 4 ndipo ankadikira zotsatira. Masiku ena ankathandiza mayi ake kugulitsa tomato, masiku ena ankagwira ntchito yongodzipereka pa chipatala chaching'ono cha m'deralo. Ankakweza ana pa sikelo, ankayendera odwala m'midzi pamodzi ndi achinyamata anzake, koma chimene ankachikonda kwambiri ndi maphunziro a namwino wa pachipatalapo, a Esther, a momwe munthu angamvetserere mnzake amene maganizo amulemera. Febe ankalakalaka kudzaphunzira za matenda a m'maganizo ku koleji.

"Anzako akufuna unamwino wa amayi oyembekezera, iwe ukufuna amisala," ankatero mayi ake, a Nachisale, akupukuta tomato. "Adzakukwatira ndani mkazi wothamangitsana ndi anthu ovula?"

"Amene adzandikonde adzathamanga nane, amayi."

"Pakamwapo ndiye unakhoza kale mayeso."

Mlendo uja anamulowa Febe mumtima. Akamaunjika tomato, maso amakhala ali kuseri kwa msika, mutu uli pa nkhani zimene ankapeka yekha. Lero ankaganiza kuti ndi mkazi wa munthu wolemera amene wathawa nkhanza. Mawa ankaganiza kuti anali mphunzitsi amene bwenzi lake linamusiya tsiku la ukwati. Tsiku lina anatenga mbatata yophika ndi botolo la thobwa, n'kupita ku mtengo uja.

"Odi, mayi," anatero atagwada patali pang'ono.

Febe anaika chakudyacho pansi ndipo anakumbukira mawu a a Esther, akuti munthu wotere usamuthire mafunso ngati wapolisi, ungokhala naye. Anakhala. Posowa chochita ndi manja ake, anayamba kutola masamba n'kumawapatsira. Mayiwo analandira osamuyang'ana.

Zinapitirira choncho masiku angapo. Febe akaweruka ku sikelo ankapita kukapatsira masamba. Nkhata za masamba zinachuluka mpaka mayiwo anayamba kuzipachika m'nthambi, ndipo mphepo ikawomba mtengo wonse unkachita phokoso ngati mvula ikubwera. Ndiye masana ena, Febe atapereka tsamba limodzi, anamva mawu.

"Awiriawiri. Misana igundane."

Febe anadzidzimuka. Mawuwo anali ofewa, ndipo kalankhulidwe kake kanali ka kummwera, konga ka matenanti amene amabwera kudzalima fodya m'maesiteti a cha ku Kasiya. Alankhula! Anaiwala zonse zimene anaphunzitsidwa.

"Mayi, pepani," anatero mwaulemu wonse umene analeredwa nawo. "Ine sindingamakutchuleni dzina lachipongwe lija. Ndinu aakulu. Kodi ndizikuitanani amake ndani?"

Singano inagwa pansi. Mayiwo anamuyang'ana Febe kwa nthawi yoyamba, kenako anakuwa mfuu imene inaimitsa msika wonse. Anadula nkhata zonse m'nthambi, anathamanga atagwira m'makutu, n'kugunda chiwaya cha a Zakeyo. Mafuta otentha anakhuthukira pansi, pafupi ndi mayi wina amene anali ndi mwana kumbuyo. Palibe anapsa, koma nyama yonse inagwera m'dothi. Mayi achilendowo anabwerera ku mtengo n'kudzifunditsa chitenje mpaka kumutu.

Nthabwala za a Zakeyo zinathera pomwepo.

"Basi! Lero ndi nyama, mawa ndi mwana wa munthu. Mawa ndi tsiku la msika, anthu adzadzaza pano. Timumanga ndi chingwe cha mbuzi, timukweze lole, akamutsitse kumene angamutsitse."

"A Zakeyo, chonde, wolakwa ndi ine," anatero Febe. "Mukawamanga n'kukawataya kutchire, akafera komweko. Ndipatseni mpata mpaka mawa."

"Adokotala athu a tomato! Iwe mwana, satifiketi ulibe, koma wayamba kale kulemba odwala?" Anthu anaseka. A Zakeyo anayang'ana nyama yawo, kenako anayang'ana a Nachisale, amene ankapemphera nawo mpingo umodzi. "Chifukwa cha mayi akowa. Mawa ndikangomaliza kusenda mbuzi, ndikubwera ndi chingwe chake."

Febe anathamangira ku chipatala. Anapeza a Esther akutsuka m'manja, ndipo anafotokoza zonse akulira.

"Unawafunsa chiyani kwenikweni? Ndiuze mawu ake," anatero a Esther.

"Ndinangoti, ndizikuitanani amake ndani. Si ulemu umenewo, anesi? Ndikanawatchula dzina ngati mnzanga?"

A Esther anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Ndi ulemu ndithu. Ine ndemwe ndikanafunsa choncho. Koma taganiza, Febe. Mayi wafunda chakuda, kumbuyo kulibe mwana, ndipo iwe ukumuuza kuti atchule dzina la mwana."

Febe anagwira pakamwa.

"Mayo ine. Ndiye kuti ntchito imeneyi sindingaithe. Ndawapweteka."

"Wawapweteka, inde. Koma pa msika wonsewo, ndi ndani wina amene amulankhulapo? Mawa kukubwera dokotala woona za matenda a m'maganizo, amene amatiyendera mwezi ndi mwezi. Akabwera omangidwa, adzationa tonse ngati adani. Ayenera kubwera ndi miyendo yawo. Ine ndidzaima chapatali, kuti zikavuta ndithandize. Koma wolankhula nawo ndiwe."

M'mawa mwake msika unadzaza. Febe anafika pa mtengo uja atanyamula masamba m'chitenje, a Esther ataima pafupi ndi benchi ya a Nachisale ngati ogula tomato. Mayi aja anali atakhala tsonga, manja ali pa maondo. Ulusi wonse anali ataudula dzulo lake.

Febe anagwada.

"Mayi, dzulo ndinakulakwirani. Sindikufunsaninso kanthu. Ndangobwera ndi masamba."

Anayamba kusanja masambawo awiriawiri, misana itagundana. Manja a mayiwo anagwedezeka pang'ono, koma panalibe chosokera. Febe anayang'ana uku ndi uku kufuna thumba lakale, osalipeza. Nthawi yomweyo anamva phokoso kumbuyo kwake. A Zakeyo ankabwera ndi amuna awiri, chingwe cha khonje chili m'manja, gulu la anthu likuwatsatira.

Mayi aja ataona chingwecho anayamba kupuma mofulumira. Febe anaona kuti akuwanso, ndipo akakuwa zonse zatha. Anaimirira n'kupita kukakumana ndi a Zakeyo. Anawagwadira, natambasula manja onse awiri.

"Zikomo kwambiri, a Zakeyo," anatero mokweza kuti aliyense amve. "Mwadziwa bwanji kuti ulusi watithera?"

A Zakeyo anaima. Munthu akakugwadira n'kutambasula manja pamaso pa anthu, umapereka. Asanaganize n'komwe, chingwe chinali m'manja mwa Febe. Wina m'gulumo anaphulika ndi kuseka.

"Apampando alowa utenanti! Akupereka zipangizo!"

"Iwe mwana wa a Chikoti, iwe," anatero a Zakeyo akukanda m'mutu. "Chingwe chimenecho n'chatsopano."

Febe anali atabwerera kale pansi pa mtengo. Anamasula nsonga ya chingwecho, anasolola kaulusi kamodzi ka khonje, anakalowetsa pa singano ya waya ija n'kupereka ndi manja awiri. Mayiwo anayang'ana chingwe, anayang'ana Febe. Kenako analandira.

A Esther anayamba kubweza anthu mwakachetechete. A Nachisale nawo anathandiza.

"Tiyeni, tiyeni, si kanema uyu. Tomato ali uko."

Anasoka nkhata imodzi yathunthu osalankhula. Pa yachiwiri, mayiwo anayamba okha, maso ali pa masamba.

"Ankandipatsira choncho. Nowa. Anali ndi zaka zinayi, koma ankadziwa kuti ndi awiriawiri."

Febe anapereka masamba ena. Sanafunse kanthu.

"Thupi linatentha nthawi yosoka fodya. Ndinati timalize kaye chigafa ichi, mawa tipita ku chipatala. Mawa lakelo tinapita, koma anatisiya panjira." Singano inaima, kenako inapitirira. "Bambo ake anabwerera kwathu ku Phalombe, anati akabwera kudzanditenga. Ine ndinatsala pa esiteti. Ndiye kukacha, amake Nowa, mwadzuka bwanji. Ku mjigo, amake Nowa, tithandizeni kusenza. Kapitawo naye, amake Nowa, fodya akudikira. Sankalakwa, ndi ulemu. Koma aliyense akandiitana ankaitana mwana wanga, ndipo iye sankayankha. Tulo tinatha. Chakudya chinaleka kukoma. Tsiku lina ndinangoona lole."

Misozi inatsika pa masaya a Febe, koma manja ake sanaleke kupatsira.

"Pano ankanditcha Namasamba. Ndinkamva. Silinkandipweteka. Mulibe mwana m'dzina limenelo."

"Mayi," anatero Febe patapita kanthawi, "matenda amenewa ali ndi thandizo. Si ufiti, si tchimo lanu. Lero kwabwera dokotala amene amamvetsera anthu amene chisoni chawadwalitsa, ndipo ngati pafunika mankhwala oti mugone, alipo. Angathandizenso kupeza abale anu. Palibe akumangeni. Mukafuna, tipitira limodzi. Mukakana, tikhala pompano tizisoka."

Mayiwo anamanga mfundo kumapeto kwa nkhata. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe ukhala pomwepo?"

"Ndikhala pomwepo."

Mayiwo anaimirira.

Podutsa mumsika, anthu anapatuka okha. A Nachisale anavula patapata wawo n'kumuika patsogolo pa mayiwo.

"Valani, mayi, njirayo ili ndi miyala." Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, n'kulankhula chapansipansi. "Zotsatira zikatuluka, za kolejizo ndikalankhula ndine ndi bambo ako. Koma ukadzakhala dokotala, patapata wanga udzabweze."

A Zakeyo anawathamangira ndi kanyenya wokulunga m'pepala.

"Adye akamadikira. Ku chipatala mzere wake sutha. Chingwecho sungani, Adokotala, mbuzi yake inapita kale."

Anayenda atatu, a Esther ali patsogolo pang'ono. Mayi aja anali atakoleka nkhata ya masamba pa mkono. Atayandikira chipata cha chipatala anaima, n'kugwira dzanja la Febe.

"Mwana iwe, Mulungu akudalitse. Unandipatsira masamba osandiseka."

"Ine ndi amene ndikuthokoza, mayi. Dzulo ndinkafuna kuisiya ntchito imeneyi." Febe anazengereza. Zimene ankafuna kunena, mtsikana woleredwa bwino sanena kwa munthu wamkulu. "Mkatimu akufunsani dzina. Sindikufuna kuti wina alakwitse ngati ine. Mundikhululukire mwano, koma kodi mayi anu okuberekani, musanakhale amake wina aliyense, ankakuitanani ndani?"

Milomo ya mayiwo inagwedezeka ngati akuyesa mawu a chilankhulo chimene anachiiwala. Kenako nkhope yawo inamasuka pang'ono, osati kumwetulira kwenikweni, koma pafupi.

"Papita zaka palibe amene wanditchula," anatero. "Tanditchula ndimve. Ndine Takondwa."