Nkhuku Imene a Mbewe Sanaipeze

Kwa zaka makumi asanu, mayi Febe Nakwenda a kwa Kabudula ankakana kukaona Likulu. Ku Lilongwe ankapitako ndithu, kumsika waukulu kukagula nsalu ndi kuchipatala maso atayamba kuchita nkhungu. Koma kukwera kumtunda kuja, kumene kuli maofesi a boma ndi kapinga wothiriridwa ngati ndiwo zamasamba, ayi. Lero phazi likupweteka, mawa mtedza uli padzuwa. Zifukwa sizinkawathera mayi amenewa.

Ndiye mwana wawo Olive, mphunzitsi wamkulu pasukulu yapafupi, wamakani ngati mayi ake omwe, atapeza minibasi yoti okalamba a mumpingo akaone mzinda Loweruka lina mu Juni, anabwera atakonzekeratu mkangano.

"Amayi, ulendo uno musandiuze za phazi."

"Ndipita," anatero mayi Febe, akusenda chinangwa osadzutsa mutu.

Olive anatsala kukamwa kuli yasa. Amuna a mayi Febe, a Yesaya Mbewe, mkulu wa mpingo wosalankhulalankhula, anawayang'ana kanthawi, kenako anabwerera ku chingwe chimene ankapota.

Chimene chinawasintha maganizo anali dokotala. Anawauza mosabisa kuti diso lamanzere lapita, lamanja likutsatira, ndipo opaleshoni yopala maso singathandize. Tsono kunali malo amodzi amene ankafuna kuwaona mdima usanatseke.

Pamene payala mzindapo panali kwawo. Mudzi wawo unali pamtunda, mtsinje wa Lingadzi uli kumunsi, ndipo a Yesaya anabwera kumeneko ngati mkamwini. Febe ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anabereka mwana m'mawa wina wa mu Okutobala. Mwanayo analira kamodzi, kaliwu kochepa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali atapita. Mwana wotere masiku amenewo sankakhala ndi maliro. Nyimbo sizinkamveka, bokosi sankakhoma, abambo sankayandikira. Amayi akuluakulu ankamukulunga m'kansalu n'kukamuika okha m'kadzenje kosazama, ndipo sankati amuika, ankati amutaya. Mayi wake ankauzidwa kuti asagwetse msozi, kuopa kuti sadzaberekanso. Febe anamvera, poti akanatani? Kwa mwamuna wake kunangopita mawu amodzi: "Zalephereka."

Patapita masabata, azakhali ake akuchokera naye kunkhuni analoza ndi mlomo. "Pachulu apo, mbali yolowera dzuwa." Sananenenso china, ndipo Febe sanafunse.

Mvula yoyamba itagwa chaka chomwecho, mudzi unasamuka kuti mzinda umangidwe. Banjalo linalowera kwa Kabudula, kwa abale a mwamuna. Tsiku losamuka ndi limene linabala nthabwala ya pabanjapo. Katundu ali m'lole, dalaivala akuimba hutala, Yesaya osaoneka. Anatulukira patapita ola lathunthu, manja ali matope okhaokha, n'kunena kuti amathamangitsa nkhuku yothawa. Nkhukuyo analibe. Febe anamukalipira njira yonse, ndipo kuyambira pamenepo aliyense akachedwa pakhomopo ankamufunsa ngati akusaka nkhuku ya a Mbewe. Ana anakula nayo nthabwalayo, zidzukulu nazo zinaitola. Mwini wake ankangomwetulira.

Olive anabadwa patapita zaka ziwiri, ndipo mudzi wonse unayamba kuitana Febe kuti mayi a Olive, monga amaitanidwira mayi ndi dzina la mwana wake woyamba. Ankayankha. Koma nthawi iliyonse kanthu kankawabaya pansi pa nthiti, chifukwa ankadziwa kuti Olive si woyamba.

Loweruka lija ananyamuka kutacha, okalamba khumi ndi anayi, aliyense atavala za ku tchalitchi, fungo la sopo ndi mbatata yootcha lili thoo m'minibasi. Anaimba nyimbo ziwiri, yachitatu inathera m'mabampu. Atalowa mumzinda, Olive anaima chowerama pafupi ndi chitseko n'kuyamba kuphunzitsa ngati ali m'kalasi.

"Iyi ndi Nyumba ya Malamulo. Tsikani bwinobwino, tijambulitse."

Anatsika, anaima pamzere, anajambulitsa. Mkulu wina anati kapinga yense uyu kungomusiya, mbuzi zake zikanabereka mapasa. Mayi wina anafunsa ngati anthu a m'nyumba zosanja amatsika pansi akafuna kutaya madzi. Anaseka mpaka kutsokomola. Anapita kukaona chipilala cha asilikali, Olive akuwerenga zolembedwa mokweza, okalamba akugwedeza mitu ngati akumva zonse. Anazungulira misewu yatsopano yodutsana pamwamba, ena atagwira mpando ndi manja awiri.

Mayi Febe sanaseke. Anakhala pawindo, diso lamanja atalitsinzinitsa, akufunafuna. Ankafuna mkuyu wa pabwalo, njira yotsikira kudambo, mwala umene ankachapirapo. Chimene ankaona chinali mipanda, magalasi ndi zikwangwani. Mtima unayamba kuwawawa, ndipo anakwiya, osadziwa womukwiyira.

Masana minibasi inaima pamthunzi m'mbali mwa msewu kuti anthu adye kamba wawo. Pamenepo mayi Febe anazindikira kutsetsereka kwa nthaka. Miyendo inakumbuka zimene maso analephera: apa munthu ukasenza mtsuko kuchokera ku Lingadzi, mpamene mpweya unkayambira kuthera.

"Ndikawongole miyendo," anauza Olive.

"Musapite patali, amayi. Galimoto za kuno sizidziwa munthu."

Anayenda. Anadutsa mpanda woyamba, wachiwiri, anakhota kumanja potsatira dzuwa. Chulu chinali chachikulu, cha nsungwi pamwamba, chosasowa. Ankadziuza kuti chulu chotero ngakhale akachigumule, kamtunda kamatsala. Anafika pamalo oimika magalimoto, poyala phula kuchokera uku mpaka uko, mizere yoyera itajambulidwa mwaukhondo. Anaima pakati pake. Anatembenukira kum'mawa, anatembenukira kumadzulo. Paliponse panali pofanana.

Apa mpamene anadziona kupusa. Nkhalamba ya diso limodzi kudzasaka chulu mumzinda! Ankaganiza kuti amene anabwera ndi makatapila anachilambalala mwaulemu? Mwana wawo anali penapake pansi pa phulali, kapena pansi pa nyumba iyo, kapena anakokoloka kalekale ndi dothi la ngalande, ndipo iwo adzalowa mumdima osadziwa. Ngakhale pamenepo msozi sunabwere. Unali utazolowera kukanizidwa.

"Mwapitirira, Nakwenda."

Anacheuka. A Yesaya anali kumbuyo kwawo, ndodo m'manja, akupuma mwabefu.

"Mwanditsatiranji? Bwererani mukadye."

"Ndati mwapitirira. Si kuno."

"Si kuno chiyani? Mukudziwa chimene ndikufuna inu?"

Mkuluyo anatembenuka n'kuyamba kuyenda, ndipo kayendedwe kake kanawadabwitsa mayi Febe. Munthu amene pa Kabudula pomwe ankafunsa njira ya kuchigayo, pano ankakhota mosakaika, kudumpha ngalande pamalo pake, kudutsa kanjira ka pakati pa mipanda iwiri ngati ka kumunda kwake. Anamutsatira. Anatulukira kuseri kwa ofesi ina yansanjika, yozunguliridwa ndi mpanda wa waya. M'kati mwa mpandamo, pakona, munali mtengo wa mbawa. Unali waukulu woti anthu awiri sangaukumbatire, nthambi zake zitafika pawindo la m'mwamba.

Mlonda wa pageti, bambo wa imvi zapatalipatali, anadzuka pampando akumwetulira.

"Aa, agogo a mtengo! Mwabwera? Ndimati chaka chino mwatitaya. Fodya wayenda bwanji ku okushoni?"

"Sindinalime chaka chino," anayankha a Yesaya motsitsa mawu.

"Ndiye mwabwera ndi mayi, eti? Mayi, bambo awa ine ndinawapeza. Amene ndinamulowa m'malo anandiuza kuti kumabwera mkulu wina nyengo ya fodya, amaima pawaya apo, amavula chipewa, kenako amapita. Sapempha kanthu, savuta. Chaka chino ndakwanitsa zaka khumi ndi zitatu pano, sanaphonyepo."

Mayi Febe anayang'ana mlondayo, anayang'ana mtengo, anayang'ana amuna awo. A Yesaya anali atavula kale chipewa, akuchizunguliza m'manja ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"A Mbewe," anatero pang'onopang'ono. "Kodi mtengo uwu ndi wa chiyani?"

"Chulu chinali pamenepo. Anachigumula chaka chachiwiri. Mtengo anausiya, kaya chifukwa unali wowongoka."

"Ndafunsa kuti ndi wa chiyani."

"Tsiku lija amayi akuluakulu aja atanyamuka naye mwana, ine ndinawatsatira chapatali. Ndinabisala m'chire. Ndikudziwa kuti sikunali koyenera. Tsiku la lole ndinatsikira kumtsinje, ndinazula kambande ka mbawa, ndinakabzala pambali pake. Ndinkaopa kuti tikachoka, palibe adzadziwe kuti pali munthu."

Mlonda uja anasiya kumwetulira. Anabwerera pang'ono, n'kuyamba kuyang'ana makiyi ake.

"Nkhuku ija," anatero mayi Febe.

"Kunalibe nkhuku."

Ukali unabwera poyamba, ndipo unali ukali weniweni. Zaka makumi asanu! Zaka zonsezi munthu uyu ankapita ku okushoni ku Kanengo ndi mabelo a fodya, n'kubwera mochedwa ndi nkhani za mizere yaitali, iwo n'kumamuseka pamaso pa ana kuti wasakanso nkhuku. Zaka zonsezi iwo ankagona chafufumimba ndi chulu m'mutu, mwini njira ali pamphasa yomweyo akuliza mkonono.

"Munandibisiranji? Ndinakulakwirani chiyani ine kuti mundimane mwana wanga?"

"Anati mukalira simudzaberekanso. Ndinaopa. Ana atabadwa ndinati ndinene, koma inu simunamutchulepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinayesa munaiwala, ndiye ndinati ndisakutsegulireni bala."

"Kuiwala? Ine?"

"Nanga ndikanadziwa bwanji, Nakwenda? Zija sizinali zoti mwamuna n'kufunsa."

Anaima choncho, nkhalamba ziwiri pawaya wa eni ake, aliyense atanyamula theka la chinthu chimodzi. Ukali uja unaphwa, m'malo mwake munalowa chisoni cholemera, cha zaka zimene sizingabwezedwe. Akanatha kumabwera limodzi. Akanatha kuuona mtengowu uli msinkhu wa m'chiuno, uli msinkhu wa denga, maso onse awiri akuona.

Geti linalira. Mlonda anali atatsegula kachitseko kam'mbali.

"Loweruka mabwana kulibe," anatero, akuyang'ana kumbali. "Lowani. Ine ndikaone kutsogoloku."

Analowa. A Yesaya, amene mpanda utamangidwa sanapondenso m'kati, anayenda monyang'ama ngati akulowa m'tchalitchi mapemphero atayamba. Analoza ndi ndodo pakati pa mizu iwiri ikuluikulu, mbali yolowera dzuwa. Mayi Febe anavula nsapato. Anagwada movutikira, anasesa masamba ouma ndi manja, anachotsa kabotolo ndi pepala la bisiketi zimene wina anataya. Anaika chikhatho padothi. Linali lofunda.

Chapatali hutala ya minibasi inalira kawiri. Kenako mawu a Olive anamveka kuchokera kukanjira kaja, ansangala, akuyandikira.

"Amayi! Ababa! Anthu akudikiratu! Kapena mukusaka nkhuku ya a Mbewe?"

Palibe anaseka. A Yesaya anatsamira ndodo n'kugwada pambali pa akazi awo, mawondo akulira. Anatembenukira kwa iwo ngati munthu wofuna kupempha chinthu chachikulu kwa mlendo.

"Nakwenda, pali chimene ndakhala ndikufuna kufunsa. Ndikaima pawaya paja ndimasowa kuti ndimuitane bwanji." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Kodi anali wamwamuna kapena wamkazi?"

Mayi Febe anawayang'ana ndi diso lawo limodzi lija. Munthu uyu anabzala mtengo, anauyendera zaka makumi asanu, osadziwa ngakhale chimenecho.

"Wamkazi," anatero. "Anali ndi makutu anu."

Olive anafika pageti foni ili m'manja, atakonzeka kuti ajambule. Anaitsitsa. Mayi ake anali atagwira muzu wa mtengo ndi manja awiri, akulira mokweza, kulira kwa pamaliro, kumene iye chibadwire anali asanakumvepo pakamwa pawo. Bambo ake anamukodola ndi dzanja.

"Vula nsapato, Olive," anatero. "Bwera udzamuone mkulu wako."