Nsapato za Pettiford

Analowera pa chipata cha magalimoto a katundu Lachisanu m'mawa, mvula ya mwezi wa Meyi ikuwaza. Sanapereke moni kwa aliyense, ngakhale dzina sanatchule. Anangoima pamzere, kumbuyo kwa anyamata makumi awiri mwa amene timu yathu ya mpira wogwetsana wa zisoti uja, Akakowa a ku Toledo, inawaitana kuti adzayesedwe masiku atatu. Ine ndinali pa mashini anga osokera, pafupi ndi zenera la chipinda cha yunifolomu, ndipo ndinadzibaya chala chifukwa chomuyang'ana.

Ntchito yanga ndi kusoka mayina kumsana kwa majezi, ndi kuwamasulanso eni ake akachotsedwa. Chaka chatha ndinamasula ambiri kuposa amene ndinasoka. Pa masewero 17 tinapambana awiri okha, ndipo amodzi mwa awiriwo tinapambana chifukwa theka la timu ya anzathu linabwera likutsegula m'mimba. Ochemerera athu ankabwera ku bwalo atavala matumba a pepala kumutu, obowola maso, kuti achibale asawazindikire pa kanema.

Nyengo ya masewero itatha, eni timu anathamangitsa manejala n'kubweretsa a Bryce Tillotson, bambo wa zaka 34 amene chibadwire sanagwetsedwepo pansi ndi munthu, koma ali ndi kompyuta imene akuti imam'dziwa wosewera kuposa mayi ake omubereka. Analengeza kuti tikumanganso timu. Kanali kachitatu kuimanganso m'zaka zisanu. Wantchito aliyense anapatsidwa njerwa yeniyeni kuti aike patebulo pake aziyang'ana. A Szabo, bwana wanga, anaimitsira yawo chitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo. Kakowa wa pa chisoti anamujambulanso, anamukwiyitsa maso ndi kumunolera mlomo. Pofika Meyi, kumanga konse kunali kutafika pamenepo.

Oyesedwa sapatsidwa jezi ya dzina. Amawamata katepi koyera pamphumi pa chisoti n'kulembapo dzina, kuti makochi azidziwa amene akumutukwana. A Szabo anali atalemberatu matepi 21. Atamata enawo, panatsala katepi kamodzi ndi munthu mmodzi.

"Ndiye kuti Pettiford ndiwe," anatero a Szabo osadzutsa mutu. "Womenya mpira ndi phazi uja. Zikomo potichitira ulemu wobwera. Nsapato kwa Renata uko. Yenda, aise, ukudontheza madzi pansipa."

Mlendoyo anayang'ana katepiko nthawi yaitali. Kenako anavala chisoti.

Renatayo ndine. Pa pepala langa, Pettiford ankavala nsapato za sayizi 13. Phazi limene linaima patsogolo panga linali la 9.

"Achimwene," ndinanong'ona, "phazili lafota m'basi?"

"Mvula, achemwali. Zinthu zina zimachepa zikanyowa." Sanaseke. Maso ake anali otuwa ngati mtsinje wa Maumee m'mawa wa chisanu. "Mukandinena?"

"Ndikanene ndani? Ndinu ndani?"

"Ndipatseni mpaka Lamlungu."

Ndinatenga za 9 kuseri kwa shelefu n'kumupatsa. Pa pepala ndinachonga 13.

Tsiku lonselo sindinasoke chilembo chowongoka. Ndinamuyesa kazitape wa timu ya adani athu. Ndinamuyesa mwana wa m'tchire wa mwini timu, wobwera kudzaona chuma cha bambo ake. Pofika masana ndinali nditagamula kuti anapha munthu ku Texas poteteza mkazi amene pambuyo pake anakwatiwa ndi wina. Zonsezi ndinali wokonzeka kumukhululukira. Chimene ndinkadziwa motsimikiza chinali chimodzi: akamugwira Lamlungu lisanafike, alonda adzamutulutsira pa chipata chomwe chija, ndipo sindidzamuonanso.

Ndinanamizira kukapereka matawulo ku bwalo. A Kochi Hairston, mkulu amene waona mamanejala asanu ndi mmodzi akubwera ndi malonjezo n'kubwerera ndi katoni, anali atakhala pa chidebe, akulavula makoko a mpendadzuwa. Womenya mpira wathu wa chaka chatha anaphonya ka 11. Tsiku lina anamenya wojambula zithunzi amene anaima dala pakati pa mapolo poganiza kuti ndi pamene panali posafika mpira.

Mlendo uja anaika mpira pa mayadi makumi anayi. Ataumenya, unadutsa pakati penipeni pa mapolo. Pa makumi asanu, chimodzimodzi. Pa 58, mphepo ikuwomba kuchokera kumaso, unalira ngati chitseko chomenyetsedwa ndi munthu wokwiya, n'kudutsa uli ndi mphamvu zotsala.

A Kochi analeka kutafuna. "Pettiford!"

Palibe anatembenuka.

"Pettiford! Ndiwe gonthi?"

"Ine, a Kochi?"

"Ayi, agogo ako. Tandiuza, kwanu mumadya limodzi ndi abulu? Bwereza ndione."

Anabwereza kasanu ndi kawiri. Pabwalo panali makochi khumi ndi anayi, aliyense ndi kabuku kake, koma amene anaona kuti munthuyu sadziwa dzina lake ndinali ine wa matawulo.

Loweruka a Tillotson anaitana atolankhani. Anavala chipewa cha timu chatsopano, chikwangwani cha mtengo chikanali chikulendewera kumbuyo.

"Mnyamatayu kompyuta yathu inamuona miyezi inayi yapitayo," anatero, "ku kasukulu ka ku Dakota kumene ena onse sapondako. Mafiti sikisi ndi mainchesi anayi. Mwendo wamanzere wautali kuposa wa wina aliyense m'gulu lake. Manambala sanama, abale. Uku ndiye kumanga timu."

Mlendoyo anali ataima kumbuyo kwawo. Mutu wake unkalekeza paphewa pawo, ndipo chiyambire dzulo lake anali asanagwiritsepo phazi lamanzere ntchito ina kupatula kuyendera. Atolankhani onse anali ataweramira m'mafoni, akulemba za mafiti sikisi.

Nthawi ya nkhomaliro ndinamupeza yekha pa khonde lotsitsira katundu, akudya soseji ya m'banzi yothira tsabola. Kuseri kwa manja ake kunali timabala takale takupsa.

"Amenewa ndi a ku ndende?" ndinafunsa.

"Mumaonera mafilimu ambiri, achemwali."

"Ndiye ndiuzeniko chilembo choyamba chokha."

"Kuti muchite nacho chiyani?"

"Ndizichiyeserera. Ndimasoka mayina, mwaiwala?"

Anandinyemera theka la banzi. "Ndikakuuzani lero, mawa akakufunsani mudzanama. Simudziwa kunama inu. Makutu amafiira."

"Ndanama kale za nsapato."

"Ndinaona. Anafiira."

Apa m'pamene anaseka koyamba, ndipo ine ndinaiwala kuti tsabola sindidya.

Mndandanda wa otengedwa umafika kwa ine osewera asanauzidwe, kuti akamasaina jezi ikhale ili tayale. Unafika Lamlungu cha m'ma thuu koloko. Unali ndi mayina atatu, lachitatu PETTIFORD. Ndinadula zilembozo, ndinaziyala pa nsalu, ndinazibaya mapini. Koma phazi langa linakana kuponda mashini. Posaina amafuna chiphaso.

Sizinafike n'komwe pa chiphaso. Oyesedwa ali pamzere kubweza zisoti, chitseko chinatsegulidwa mwamphamvu mpaka njerwa ya a Szabo inagubuduzika. Analowa a Tillotson ndi alonda awiri. A Kochi ankabwera pambuyo mosafulumira, kathumba ka mpendadzuwa kali m'manja.

"Vula chisoticho!" anakuwa a Tillotson. "Ndangolankhula ndi Pettiford pa foni. Akupepesa kuti sanabwere. Anapeza ntchito yogulitsa mathirakitala ku Fargo, mpira anausiya. Ndiye iwe ndiwe ndani?"

Mlendoyo anavula chisoti n'kuchiika patebulo bwinobwino.

"Ndimagwira ntchito ku fakitale ya magalasi, bwana, kutsidya kwa mtsinjeku. Nthawi yopuma ndimakamenya mpira pa bwalo la sekondale. Ndinakutumizirani vidiyo kanayi. Kanayi konse kompyuta inayankha kuti ndine wamfupi, ndakula, ndipo sindinapite ku koleji. Lachisanu ndinabwera kuti ndidzafunse munthu wamoyo. Ndinaona mzere, ndinaimapo. Anandiveka chisoti."

"Szabo!"

"Ine anandipatsa matepi 21, bwana," anatero a Szabo, akukanda pamimba. "Mitu inali 21. Manambala sanama."

Mmodzi wa alonda anatsokomola kwambiri, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Nanga nsapato? Pali pepala la masayizi. Ndani anam'patsa nsapato?"

"Ine," ndinatero. Ndinamva makutu anga akutentha.

"Iwe mtsikana, ukudziwa kuti..."

"Musiyeni mwanayo," anatero a Kochi. "M'nyumba muno muli anthu mazana awiri olipidwa kuti aziyang'ana osewera. Amene anayang'ana ndi yekhayu."

"Awa ndi aupandu, a Kochi. Mutulutseni ameneyu. Ndiitana apolisi."

Alonda anasendera. Ine ndinagwira m'mphepete mwa tebulo, mapini akundibaya m'chikhatho. Mlendoyo anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

A Kochi analavulira khoko m'kapu ya pepala. "Aitaneni, bwana. Apolisi akabwera, atolankhani abweranso. Muwauza kuti mwendo wamanzere wautali uja uli ku Fargo, ukuponda kalachi ya thirakitala. Kenako ameneyu akwera basi ya ku timu ina, ndipo mu Novembala adzatimenya wa mayadi 58 pabwalo pathu pomwe, anthu a matumba kumutu akuonerera. Ine ndakalamba, ndaperekeza asanu ndi mmodzi ku galimoto zawo. Katoni yanu ndidzakunyamulirani."

Mashini ochapira ankazungulira kuseri.

"Pokhapokha," anapitiriza a Kochi, akusankha njere ina, "ngati munachita dala. Mamanejala ochenjera amatero, ndimamva. Amabisa munthu wawo m'dzina la wina kuti matimu ena asam'be asanasaine."

Ndinaiona nkhope ya a Tillotson ikusintha pang'onopang'ono, ngati nsalu yamakwinya pansi pa simbi. Kufiira kunatsika. Anakonza chipewa. Anayang'ana kudenga, milomo ikuyenda, akuyeserera kale mawu a mawa.

"Zimenezi sitimayenera kuzikambira pagulu, a Kochi," anatero pomaliza. "Inali njira yachinsinsi. Ndi ochepa amene ankadziwa." Anatembenukira alonda. "Mukufuna chiyani muno? Kulibe ntchito kuchipata?"

Atatuluka alondawo, a Tillotson anam'gwira mlendo uja paphewa ngati mwana wawo womubereka.

"Takulandira, mnyamata wanga. Takhala tikukulondola nthawi yaitali. Dzina lako ndikulidziwa, inde, koma talitchula kuti wosokayu amve."

Mlendoyo sanawayang'ane. Anamanganso zingwe za nsapato, phazi ili kenako linalo, mosathamanga. Anabwera patebulo langa, nazula mapini mmodzimmodzi, nakankhira zilembo za Pettiford pambali. Anawerama mpaka ndinamva fungo la udzu wonyowa pa jezi yake.

"Lamlungu lafika, achemwali," anatero motsitsa mawu. A Tillotson anatalikitsa khosi kuti amve nawo.

"Ndikumvetsera."

"Emmett Vukovich."