Loko pa Nyumba ya Pasipoti

"Palibe chitseko padziko lino chimene chinakana kunditsegukira ine," anatero Pasipoti, akumenya chiwongolero ndi chikhatho. "Ndalowa m'mabanki a magalasi okhaokha, m'mahotela oti ukayang'ana denga chipewa chimagwa. Ndikangotsokomola, achemwali, chitseko chimatseguka chokha."

Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa cha kuyenda. Anachoka kwawo ndi thalauza limodzi, nakasenza makatoni padoko la dziko la eni mpaka mapewa anachita zikang'a. Lero anali ndi malole ake kumeneko. Galimoto yofiira imene ankayendetsayi anaitumiza pa sitima kuti mawa lake, Loweruka, idzanyamule mwana wa mlongo wake pa ukwati.

Mlongo wakeyo, telala, anakhala pambali pake manja ali pamiyendo. Sanaseke.

"Pali chitseko china chikukudikirani, achimwene."

Atakhota pa msewu wa mashopu, Pasipoti anaiona nyumba yake, ya zitseko zinayi za malonda, imene anamanga ndi thukuta la kunja. Pa chitseko chilichonse panali loko wamkulu ngati chibakera, ndi chipepala chofiira cha ofesi ya misonkho. Anasuzumira pa zenera la shopu ya mlongo wake. Diresi la ukwati linali chiimire pa chidole, loyera mbee, mkono umodzi usanasokedwe.

"Anabwera dzulo," anatero telala. "Anangondilola kutenga chikwama. Akuti mwini nyumba sanakhomepo msonkho wa lendi chimangireni."

"Zamasewera! Ndikawaonetsa kuti ndine yani."

Ku ofesi ya misonkho anapeza mayi wa magalasi, amene anamusiya kuti amalize mndandanda wa mayiko onse amene anapondamo.

"Ine msonkho ndimakhoma kumene ndimakhala, mayi. Mwezi ndi mwezi! Mukufuna ndikhome kawiri?"

"Wa malole anu mumakhoma kumeneko, zikomo. Koma nyumbayi ilibe matayala, bambo. Ili kuno, lendi ikutuluka kuno. Mauthenga tinkakutumizirani."

Anawakumbukira mauthengawo. Ankawawerengera anzake pafoni nkumaseka, ati dzanja la boma silingaoloke nyanja.

Mayiyo anamutembenuzira kompyuta. Pasipoti ataona chiwerengero, anachiwerenganso kachiwiri. Komabe anasolola khadi lake la golide naliponya pa tebulo ngati akumaliza masewera. Kamakina kanalira, kakana. Anayesanso, kakananso. Ataimbira banki yake ya kunja, mawu aulemu anamuuza kuti ndalama zochuluka chotero zingafike sabata yamawa.

"Tikatseka lero, mpaka Lolemba," anatero mayiyo.

Pobwerera ku shopu anapeza anthu ataunjikana. Makanika wa pafupi anamukokera pambali namuonetsa chisizasi chodulira zitsulo.

"Bwana, loko ameneyu ndi nthabwala. Kungoti khapa, mwatenga diresi, nkhani yatha."

Pasipoti analandira chitsulocho. Chinali cholemera bwino, ndipo manja ake akale a padoko anachidziwa. Anachilowetsa pa khosi la loko.

"Dulani," anatero telala kumbuyo kwake, motsitsa mawu. "Inu Lachiwiri mukwera ndege. Apolisi akadzabwera adzapeza ine pa makina."

Mlongo ameneyu ndi amene anagulitsa makina ake oyamba kuti iye apeze tikiti ya ulendo. Ndipo apo mkwatibwi anatulukira, tsitsi lomangidwa theka, maso ofiira.

"Amalume, ndikwatiwa nditavala chiyani?"

Anachotsa chitsulo pa loko nachibweza kwa mwini wake. Kenaka anatembenuka kuyang'ana galimoto. Dzuwa linali kuvina pa boneti. Miyezi yonseyi ankalota akuiyendetsa pang'onopang'ono kutsogolo kwa tchalitchi, magalasi otsitsa, anthu amene ankamuseka thalauza limodzi lija atatsegula pakamwa.

Wogulitsa magalimoto wa tsidya la msewu anali ataizungulira kale kangapo, akumenya matayala ndi nsapato.

"Iwe mkulu wa mimba," anaitana Pasipoti, "uli ndi ndalama kapena uli ndi maso okha?"

Mkuluyo ananunkhiza changu, natchula mtengo wonyoza. Pasipoti anaseka kwambiri, koma thukuta linkatsika m'khosi. Mkulu uja anatsegula boneti, anatseka, anakhala pampando, anafunsa mapepala, anawerenga tsamba lililonse ndi chala. Mthunzi wa nyumba unali utafika kale pakati pa msewu.

"Onjezera, iwe. Galimotoyi yaoloka nyanja."

"Mukhoza kudikira Lolemba, bwana. Ine sindithamanga."

Pasipoti anayang'ana diresi pa zenera, natambasula dzanja. Foni yake italira kuti ndalama zalowa, anapereka makiyi osayang'ana.

Anathamanga wapansi, nsapato zake zosongoka zikumuluma, jekete likuuluka kumbuyo. Anadutsa pakati pa ogulitsa zipatso, anagunda njinga, sanapepese. Pa ofesi anapeza mlonda akukoka chitseko chachitsulo. Pasipoti analowetsa phazi pakati.

"Tatseka, bambo."

Mpweya unali utamuthera. Sanatchule dziko ngakhale limodzi.

"Chonde, mkulu wanga. Mwana akukwatiwa mawa."

Mlondayo anayang'ana nsapato yophwanyikayo, anayang'ana nkhope, nakankha chitseko.

Mayi wa magalasi anali atanyamula kale chikwama. Anachiika pansi, nayatsanso kompyuta. Chidindo chitagunda pa lisiti, anatsegula kabati natulutsa makiyi anayi.

Dzuwa lisanalowe, makina a telala anali akulira. Makanika anali panja akutsuka pikapu yake yoti idzanyamule mkwatibwi, akulumbira kuti akaimanga maliboni palibe adzaone dzimbiri. Pasipoti anakhala pa kampando, phazi lotupa lili m'beseni la madzi, ndipo mawu anali atamubwerera.

"Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni? Zitseko zisanu tsiku limodzi! Zinayi zanga, chimodzi cha boma!"

"Ndalamazo zinali zingati?" anafunsa mlongo wake, mapini ali pakamwa.

"Mamiliyoni asanu ndi awiri, ndi masauzande mazana atatu. Ndakhoma zonse, sinatsale ngakhale ya machesi."

Telala sanadzutse mutu. Anamuponyera mkono wa diresi pamiyendo.

"Gwirani apa, achimwene. Musakoke."