Nkhope ya Amayi Idathera pa Lumo

Ndidafika ku Mocuba kutada. Tawuni yachilendo, fumbi lokhalokha. Nyumba ndidaizindikira ndi fungo la guluu wa filimu, lobaya m'mphuno ngati kwathu ku Beira. Bambo adasamukira kuno, kwa mlongo wanga Zulmira, amayi atamwalira. Maliro adandiphonya. Ndidali pa ulendo, monga kale.

"Wafika mwini misewu," adatero Zulmira. "Idyani kaye, achimwene, mpunga ukuzizira."

"Sindinabwerere mpunga. Ndikufuna kuona amayi."

Amayi adatsala pa mpukutu umodzi wa filimu. Bambo adajambula okha, ife tili ana. Amayi akuyanika zovala, atafulatira. Kenako amacheuka n'kuseka.

Bambo adapachika nsalu yoyera pakhoma. Makina oonetsera filimu adayamba kulira. Awo amayi, atafulatira. Phewa lidayamba kutembenuka. Chithunzi chidadumpha. Afulatiranso.

"Bwezani," ndidatero.

Adabweza. Chimodzimodzi.

"Nkhope ili kuti?"

"Filimu imaduka pamenepo," adatero bambo. "Ndimalumikiza."

Ntchito imeneyo ndimaidziwa, adandiphunzitsa ndi iwo omwe. Nsonga ziwirizo umazigoneka m'kachitsulo kolumikizira. Umadula pothetheka. Umapala ndi lumo, kudontheza guluu, kupanikiza. Kulumikiza kulikonse kumadya kachithunzi kamodzi, pena tiwiri.

"Mwalumikiza kangati?"

Adayankha ndi Zulmira.

"Amaonera tsiku lililonse. Akafika pankhope amaimitsa makina kuti ayang'anitsitse. Babu limaotcha filimu. Ine ndinkawauza."

"Unkawauza! Osawalanda lumolo bwanji?"

"Mukanabwera kudzawalanda ndinu. Kapena kunalibe basi?"

"Nanga tizidutswa todulato?"

"Ndinkasesa. Ndikanadziwa bwanji? Tinthu takuda ngati zikhadabo."

Ndidamenya tebulo. Botolo la guluu lidagwa chagada.

"Mwawadya amayi, Bambo! Pang'onopang'ono, ngati chiswe."

"Ndi mkazi wanga, iwe. Akubuula m'chipatala unali kuti?"

Mkwiyo udangokula. Ndidasolola filimu ndi manja pafupi ndi nyale. Pamenepo idali yolimba, chipsera pamwamba pa chipsera. Pambali pake padatsala kachithunzi kamodzi. Tsaya, theka la diso, kumlomo kukuyamba kumene kuseka. Basi. Ikadzadukanso, nakonso kapita.

M'mawa kusanache bwino ndidagulula babu m'makina. Ndidalikulunga m'sokosi. Kachitsulo, lumo, guluu wotsalayo, zonse m'chikwama.

Bambo adandipeza pakhomo, ali ndi vesiti yokha.

"Wakuba iwe. Ndiye ndizimuona bwanji?"

"Muziikweza filimuyo padzuwa. Maso saotcha."

"Ikaduka?"

"Ikhale yoduka."

"Usadzapondenso pano."

Zulmira adaima kumbuyo kwawo ndi tiyi amene palibe adamupempha. Basi ya ku Quelimane idaliza hutala kumsika. Ndidathamanga, guluu akuchucha m'chikwama.