Tizidutswa ta Mawu a Malemu

Kazenera ka pulogalamu yojambulira mawu kanangoti phethi pa sikirini, n'kuzimiririka. A Telala anadinanso mausi. Phethi, zii. Anadinanso mwamphamvu ngati kuti vuto linali chala chawo, koma zinali chimodzimodzi.

"Mayo ine, ndaononga," ananong'ona, n'kukhala pampando.

Kompyutayo inali ya malemu amuna awo, amene ankaphunzitsa kwaya. Chimwalirire bambowo, inangokhala m'kachipinda kosokeramo, itafunditsidwa nsalu yotsala ya makatani. Malemu ankajambula mawu a aliyense, ana, amayi, ngakhale mlonda wa patchalitchi, koma awoawo ayi. "Mawu anga ndi a geti ladzimbiri," ankatero. Tsiku limodzi lokha ndi limene anadzijambula, chifukwa woimba besi sanabwere. Ali mkati moimba magetsi anathima asanasunge ntchitoyo, iwo n'kunena kuti amaliza mawa. Madzulo ake mutu unawagwira, anathamangira nawo kuchipatala, ndipo sanabwereko.

Tsono m'mawa wa tsiku la nkhani yathuyi, a Telala akuchapa, anayesa kukumbukira mmene amuna awo ankawaitanira. Nkhope inabwera bwinobwino, ndi kachipsera ka pachibwano komwe. Mawu osabwera. Anachita mantha oopsa, moti anasiya zovala m'beseni n'kuthamangira kukavundukula kompyuta ija.

"Odi kuno! Thalauza langa lija latha?"

Anali mlamu wawo, mng'ono wa malemu, amene aliyense ankamutchula kuti a Pompopompo. Munthuyu kudikira sankakudziwa. Tiyi ankamwa ali chiimire, ndipo wailesi ikavuta ankayamba waimenya kaye, kufunsa pambuyo.

"Alamu, bwanji maso ali psuu? Chachitika n'chiyani?"

A Telala anangoloza sikirini. A Pompopompo anadina, kazenera kanati phethi n'kuthawa.

"Aaa, zazing'ono izi. Tingopukuta zonse n'kuikamo zatsopano, pompopompo."

"Musayerekeze! Dikirani ndiimbire mwana."

Mwana wawo wamkazi ankagwira ntchito yosamalira makompyuta pakampani ina kutali, ndipo ndi iyeyo amene anawaikira bambo ake mapulogalamu a Linux pamakinawo. Anayankha akupuma mwabefu, kuonetsa kuti wachita kutuluka mumsonkhano. A Telala anakweza mawu a foni kuti onse azimva, n'kufotokoza mosokonekera, misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, musalire kaye," anatero mwanayo. "Pulogalamu mukaitsegula ndi mausi imafa mwakachetechete. Tiitsegulire kwina kuti inene chimene chikuipha. Abambo aang'ono, muli pompo? Tsegulani kazenera kakuda kaja kolembamo malamulo, timati teminolo. Mulembemo dzina la pulogalamuyo, kenako mudine batani lalikulu la Enter."

A Pompopompo analemba ndi chala chimodzi. Mizere ya zilembo zoyera inatsika mofulumira, kenako inaima. A Telala sanamve n'chimodzi chomwe, koma ankayang'anitsitsa ngati akudikira dokotala pakhonde la chipatala.

"Mzere womaliza ukuti Segmentation fault," anawerenga mlamuyo. "Ee, dzinalo lokha ngati matenda."

"Ndiye kuti chiyani, mwanawe? Yafa?"

"Ayi amayi, ikungonena kuti yapunthwa n'kugwa. Chopunthwitsacho chili pamwamba. Abambo aang'ono, werengani mizere yapamwambayo, pang'onopang'ono."

Anawerenga mophonyaphonya, mpaka anafika pamzere wotchula foda ina ya mu /var/tmp.

"Eya, ndachiona!" anatero mwana uja. "Ikamadzuka ikumayamba yafunafuna ntchito imene inasiyidwa panjira. Ikuipeza mufoda imeneyo, koma magetsi atathima fayilo ina inaduka pakati. Ikangoigwira imeneyo, ikugwa. Tsono mvetsetsani, musakhudze chili..."

Foni inati tuu, n'kuduka. A Telala anaimbanso, osalowa. Anapita pawindo, anaikweza m'mwamba, netiweki osaoneka. Netiweki imeneyi, abale, imadziwa kusankha nthawi yothawira!

Potembenuka anapeza a Pompopompo akuyang'ana pafoni yawoyawo, ya netiweki ina, uku akugogoda kiyibodi, nkhope ili ngwee.

"Ndazipeza, alamu! Anthu ambiri pa intaneti zinawachitikirapo. Onse akuti fufutani fodayo, pulogalamu idzuka pompopompo. Mwanayunso akananena zomwezi."

Pakazenera kakuda panali patalembedwa lamulo lofufutira, rm -rf, kutsogolo kwake dzina la foda ija. Chala cha a Pompopompo chinali chikupita kale pabatani lalikulu.

"Mufodamo muli chiyani?"

"Zinyalala basi. Ndi malo a zinthu zosakhalitsa."

"Nanga zikafufutika zimapita kuti? Achimwene anu ankati kuli kadengu kotayamo, munthu umatha kukatolanso."

A Pompopompo anakanda m'mutu. Bodza sankalidziwa, chimenecho tiwayamikire. "Izi za kazenera kakuda sizidzera kukadenguko. Zikapita zapita."

A Telala sanaganize. Anangoti gwi dzanja la mlamu wawo, ndi mphamvu zonse za munthu wogwira sizasi tsiku ndi tsiku.

"Alamu, mukundipweteka!"

"Simudina."

"Kodi simukufuna kuti itseguke?"

"Ndati simudina!"

Zilembo zimenezo sankazidziwa, ndipo sakanatha kunena ngati mlamu wawo akulakwa kapena ayi. Ankangokumbukira tsiku lija kuchipatala namwino anawauza kuti akhale kaye pansi. Anaima choncho anthu awiri akuluakulu, wina atagwira mnzake, kamzere kakang'ono kakuphethira kumapeto kwa lamulo lija. Panja ana ankasewera mpira, wogulitsa makala ankaitanira malonda. A Telala ankaopa ngakhale kupuma, kuti mwina chigongono chingagunde batani.

Foni inalira. A Telala anakana kusiya dzanja, ndiye a Pompopompo anayankha ndi lamanzere.

"Pepani, inaduka," anatero mwanayo. "Simunakhudze kanthu, eti?"

"Tangolemba tizilembo pang'ono, mayi akowa ndiye andimanga ngati wakuba." Anawerenga zimene analembazo monyadira.

"Abambo aang'ono!" Mwanayo anakuwa mpaka foni inachita kunjenjemera. "Chotsani manja pamenepo! Mawu a adadi ali mufoda imeneyo! Ntchito sanaisunge, ndiye kwina kulikonse kulibe. Mukadina, pulogalamu idzukadi, koma adadi simudzawamvanso."

A Pompopompo anatuwa milomo. Anayang'ana batani lija, anayang'ana chala chawo.

"Ine ndimayesa zinyalala," anatero ndi mawu aang'ono. "Achimwene anga enieni."

Anafufuta lamulo lija chilembo chimodzichimodzi, thukuta likutsika m'khosi, ndipo pamenepo m'pamene a Telala anawasiya. Mwana uja anawauza kuti apeze fulashi m'kabati ya tebulo, akopere foda yonse mmenemo ndi lamulo la cp asanachite china chilichonse. Kenako anawalembetsa mv, kuti fodayo ingosintha dzina, pulogalamu isaione podzuka. Lamulo lililonse a Pompopompo ankaliwerenga mokweza, n'kudikira kuti mwanayo avomere.

"Tsopano itsegulani."

Pulogalamu inatseguka n'kukhazikika. Koma inali mbee, yopanda kanthu, popanda ngakhale kamzere kamodzi ka mawu.

"Mulibe!" analira a Telala, manja ali kumutu. "Apita! Mwawataya!"

"Amayi, amayi, tamverani. Ili choncho chifukwa taibisira fodayo dala. Abambo aang'ono, lembani ls, kenako dzina latsopano lija."

Sikirini inadzaza ndi mayina a timafayilo, tambirimbiri, tofanana ngati mabatani a malaya.

"Amenewo ndiwo mawu a adadi, ali mu tizidutswa," anatero mwanayo. "Sindikunamizani, amayi, tina taonongeka, ndipo sindikudziwa ngati nyimbo yonse ingadzabwerere. Ndikadzabwera ndidzayesa kulumikiza. Koma tiyeni tiyese kamodzi, timve."

A Pompopompo atatsegula kachidutswa koyamba, kanangoti fooo, ngati mphepo. Kachiwiri kanakana kutseguka. A Telala anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anayamba kuganiza kuti mwina zonsezo ndi mphepo yokhayokha, ndipo anafuna kunena kuti basi, zisiyeni, kuli bwino osadziwa. Asananene, a Pompopompo anatsegula kena.

Munamveka phokoso la makina osokera, kwetekwetekwete. Kenako munthu anatsokomola pafupi ndi maikolofoni.

"Akazi anga, taimitsani kaye makinawo, akulowa m'nyimbo."

Chapatali, mawu a mzimayi anayankha mokalipa: "Kodi tidya nyimbo zanuzo?"

Bambowo anaseka, kuseka kwawo kuja kokhala ngati geti ladzimbiri, n'kukoka mpweya kuti ayambe kuimba. Kachidutswako kanathera pomwepo.

Pafoni mwana uja ankalira mosabisa. A Pompopompo anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. A Telala anayang'ana makina awo osokera ali duu pakona, ulusi wakuda ukadali pa singano.

"Ndaimitsa, bambo," anatero chapansipansi. "Imbani."

A Pompopompo anapukuta m'maso ndi kolala, n'kubweza dzanja pa kiyibodi. Pamkono pawo pankaoneka bwinobwino pamene panalowa zikhadabo. Chala chinaima m'mwamba pang'ono, osakhudza batani.

"Alamu," anafunsa, "ndidinenso?"

"Dinani," anayankha a Telala, n'kukokera mpando pafupi.